Mthuthuthu wa Mng'ono Wanga Ndinaukwirira Ndine

Abale anga, mtendere ukhale nanu nonse. Inu amene mwakhala kumbuyoko kuti mphepo isabweretse fungo kuno, senderani kutsogolo, musachite manyazi. Fungo la kachasu wa masau ndimalidziwa bwino, linali sopo wanga. Dzina langa ndine Dominiko, mwana wa ku Kavalamanja, msodzi. Andipempha kuti ndikambe za mowa, koma ine ndiyamba ndi nsanje, chifukwa mowa unapeza chitseko chotsegula kale. Nsanje yangayo sinali pa munthu wakutali ayi. Inali pa mng'ono wanga weniweni, wa bere limodzi.

Mng'ono wangayo ndi Felikisi. Amalume anamutenga ali wamng'ono kupita naye ku Lusaka, ndipo anakulira m'galaja akupatsira amakaniko masipanala. Ine ndinatsala kumudzi ndi bwato ndi ukonde. Zaka zija nkhondo ya ku Rodeshiya itayamba kumveka kutsidya kwa Zambezi, Felikisi anabwerera kumudzi. Sanabwere wapansi. Anabwera pa njinga yamoto yofiira, yakale ndithu, mpando wake wosokedwa ndi ulusi, koma kwathu inali ngati ndege. Anthu anasiya kunena kuti "mng'ono wa Dominiko". Anayamba kunena kuti ine ndine "mkulu wake wa Felikisi wa mthuthuthu". Ine amene ndinkadyetsa mudzi nsomba, ine amene ndinaika maliro a atate ndekha iye ali m'tauni! Zinandiwawa, sindinama.

Koma chimene chinandidya kwambiri chinali pakhomo panga. Mkazi wanga Agata, amake Lusiya, ndi munthu wosekaseka. Nonse mukudziwa mwambo wathu wa chilamu, kuti munthu ndi mulamu wake amaseweretsana pamaso pa anthu ndipo palibe mlandu. Felikisi akafika ankaimika njinga n'kufuula kuti, "Mkazi wanga, wandisungira chiyani lero?" Agata n'kuyankha kuti, "Mwamuna wanji wobwera chimanjamanja?" Pamenepo Felikisi ankatulutsa kachidutswa ka sopo kapena mchere wa ku Boma, onse awiri n'kuseka. Ine ndemwe ndinkachita nthabwala zomwezo ndi Rozina, mng'ono wake wa Agata, ndipo palibe amene ankakwinya nkhope. Koma zikachitika pakhomo panga, njinga ili nyezinyezi pabwalo, ine sindinkaseka nawo. Ndinkadzifunsa kuti, kodi ine ndikabwera ndi nsomba zodzaza dengu amaseka chonchi?

Anzanga a pa mowa, Mulungu awakhululukire, anaona poyabwa n'kumakanda pomwepo. "Dominiko, tiuze, bwato ndi mthuthuthu chithamanga n'chiti?" Ine n'kumaseka nawo mano okha.

Ndiye tsiku lina m'mawa ndege za nkhondo zinabwera kudzaponya mabomba. Sindikamba zambiri za tsikulo, ena mwa inu munaliko ndipo mumadziwa. Masoja anatiuza kuti tichoke m'mbali mwa mtsinje tipite kumtunda. Zimene munthu sakanatha kusenza ankakwirira pansi, mashini osokera, mapoto, makasu, poganiza kuti tibwerera posachedwa. Njinga ya Felikisi inalibe petulo ngakhale dontho, ndipo akanaisiya poyera aliyense wonyamula mfuti akanaitenga. Anaikulunga m'masaka ndi tenti yakale, n'kubwera kwa ine thukuta lili kamukamu.

"Akulu, inu mtsinje mumaudziwa. Ndi pati pamene madzi safika?"

Abale, kumbuyo kwa tchalitchi kunali chitunda chimene madzi sanafikepo chikhalire. Ndinkachidziwa monga ndimadziwira dzanja langa. Koma ndinatembenuka n'kuloza kudimba kwathu, pansi pa mtengo wa msangu. Ndinati, "Apo. Nthaka ndi yofewa, tikumba msanga."

Anafunsanso kuti, "Madzi safika pamenepo?"

Ndinati, "Chibadwire changa sindinaonepo."

Pamene ndinkanena mawu amenewo, matope a madzi a chaka chatha anali akadaoneka pa thunthu la msanguwo, kufika m'chiuno mwanga. Ndinaima chotsamira mtengo kuti asawaone. Ndinamuthandiza kukumba, ndinamuthandiza kutsitsa njinga m'dzenje, ndipo dothi ndinalipondaponda bwino ndi mapazi anga. Atatha anandigwira dzanja n'kunena kuti zikomo akulu.

Tinathawira ku Mburuma, kwawo kwa Agata, kamudzi ka mkati mwenimweni mwa mapiri. Felikisi anatitsatira poti analibe kwina, n'kuyamba kuwotcha makala. Ine ndinasanduka msodzi wopanda mtsinje, mkamwini wodyera m'nkhokwe ya apongozi. Khasu linkanditupitsa manja. Masau okha ndiwo anali ambiri, ndipo amayi otcheza kachasu sankagona. Kutsetsereka kwanga kunali kwa msanga. Ndinasinthanitsa ukonde ndi mowa. Kenako mbedza, kenako jekete la ukwati, kenako nkhuku za Lusiya zimene ambuye ake anamupatsa. Mvula itakula kunabwera munthu wochokera kumtsinje n'kunena kuti madimba onse a ku Kavalamanja amira, msangu wathu ukungooneka nthambi. Madzi saiwala khwawa. Felikisi anakhala pansi atagwira mutu tsiku lonse osadya. Ine ndinapita kukamwa, ndipo ndikuuzani zoona pamaso pa Mulungu, tsiku limenelo kachasu anandikomera kuposa masiku onse.

Mukuganiza kuti njinga itamira nsanje inamira nayo? Awe! Inangosamuka. Manje ndinayamba kuchitira nsanje makala ake, kuti apongozi anga amamutamanda kuti ndi wolimbikira. Agata atakhala ndi pakati, ndinafika pabwalo nditaledzera masana dzuwa likuswa mtengo, n'kufuula anthu onse akumva kuti, "Mimba imeneyi mukafunse wa mthuthuthu!" Agata anangolowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo kuseka kwake kunatha. Felikisi ndinamuletsa kuponda pakhomo panga. Masiku ena ndinkadzuka m'khola la mbuzi, mbuzi zikundinunkhiza kumaso.

Apa mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene pali nkhani. Lusiya anabadwa ndi opareshoni ku chipatala cha amishoni, ndipo asisitere anatiuza tonse awiri kuti mimba yotsatira Agata asadzayerekeze kuchirira pamudzi, angafe. Kuchokera kumudzi wa apongozi kukafika kuchipatalako, munthu wamphamvu ankanyamuka mbandakucha n'kukafika dzuwa litalowa. Malole anali atasiya kubwera chifukwa cha mabomba okwirira mumsewu. Ng'ombe zokoka ngolo kunalibe. Amuna onyamula machila anali ochepa, ambiri anathawira ku Lusaka. Agata akadali ndi mphamvu, Felikisi anatuma mawu kuti angathe kumuperekeza wapansi pang'onopang'ono akadikirire komweko. Ine ndinakana. Ndinati mkazi wanga sayenda m'tchire ndi mwamuna wina, ndimuperekeza ndekha. Sindinamuperekeze. Ndinali pa mowa mpaka miyendo yake inatupa moti ngakhale kuchitsime sankafika.

Tsiku lina chakumasana ndinabwera kunyumba kudzafuna choti ndikasinthanitse. Ndinapeza Agata atakhala pamphasa pansi pa mtengo, Rozina ali pambali pake, Lusiya ali pakati pawo. Sanandione. Agata anali atamanga kamtolo ka zovala za mwana ndi bulangete lake, ndipo ankauza mng'ono wake mofatsa, ngati akumuphunzitsa kuluka.

"Akamadya usamuthamangitse, amadya mochedwa. Amaopa atonde, ukamutuma kukhola upite naye. Akalira usiku usamukalipire, umusisite kumsana, amagonanso."

Kenako anauza mwana kuti, "Lusiya, kuyambira lero uzigona kwa amayi aang'ono, wamva?"

Mwana anafunsa kuti, "Nanga inu?"

"Ine ndili pompano. Uzibwera kudzandiona m'mawa."

Ndinatulukira ndili dzandidzandi. Ndinati, "Mwana wanga ukumupereka kwa ndani? Ndakufa ine?"

Agata anandiyang'ana. Sanakwiye, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Anati, "Atate ake Lusiya, ndikufuna azolowere ndikadalipo. Mawu a asisitere munawamva nokha. Malole kulibe, miyendo ndi iyi mukuiona. Ndiyenda ndi chiyani, mapiko? Mwana ndikamusiya ndi inu adzagona m'khola la mbuzi."

Rozina anayamba kulira. Lusiya ananyamula kamtolo kake pamutu monyadira, poganiza kuti ndi masewera, n'kumapita kunyumba ya amayi ake aang'ono. Ine ndinangoima. Mowa wonse unathawa m'mutu. Ndinaona kuti mkazi wanga akukonza maliro ake ali maso, ndipo chinthu chimodzi chimene chikanadutsa m'tinjira ta mapazi, kutali ndi msewu wa mabomba, ndinali nditachikwirira ndekha m'matope. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale tsiku la ndege lija.

Ndinapita molunjika kumene Felikisi ankawotcha makala. Ndinamupeza akufukula uvuni, thupi lonse lili bii. Sindinapereke ndi moni womwe.

"Felikisi, pa msangu paja ndinkadziwa kuti madzi amafika. Ndinakunamiza dala."

Anapitiriza kukokera makala ndi khasu ngati sanamve. Patapita nthawi anaimika khasu n'kunena kuti, "Akulu, mukanangondiuza kuti mukuifuna, ndikanakuphunzitsani kuyendetsa. Inali ya tonse."

Ndinati, "Ingadzukenso?"

"Sindidziwa. Chitsulo chikagona m'madzi chimadwala." Anapukuta nkhope n'kupitiriza. "Tikaifukule. Koma mumve bwino. Munakwirira ndinu, mufukula ndinu, mukonza ndinu. Ine ndizingokuuzani pogwira. Ndipo sindikuchitira inu ayi, ndikuchitira alamu anga."

Mukuona mmene nsanje ilili yopanda manyazi? Mkazi wanga ali pafupi kufa, ine ndabwera kudzapepesa, koma mawu akuti "alamu anga" anandibaya pomwe paja. Ndinangonena kuti chabwino.

Tinapempha chilolezo kwa masoja ku Boma n'kupita kumudzi wathu wakale. Munali zii, udzu mpaka m'makomo. Madzi anali ataphwa, dimba litauma n'kung'ambika. Ndinakumba ndekha, Felikisi atakhala pamuzu wa msangu, maso ake ali pa mzere wa matope pa thunthu lija. Njinga inatuluka ngati nyama yakufa. Masaka anali atawola, utoto wofiira utasanduka dzimbiri, ndipo nditaipendeketsa munatuluka madzi akuda onunkha. Felikisi anatembenukira kumbali kuti ndisaone nkhope yake. Matayala tinawadzaza udzu, ndipo ndinaikankha ndekha. Pa Boma panali munthu wina wa boti la injini amene anali ndi petulo wobisa. Ndinamuuza pamene ndinamiza bwato langa m'bango tikuthawa kuti akalitenge likhale lake, iye n'kundipatsa chigubu cha petulo, parafini ndi pulagi yakale yoyatsira injini. Bwato limenelo anasema ndi atate. Kuchoka pamenepo mpaka ku Mburuma ndinakankha njinga m'dzuwa la kuno mukulidziwali, mng'ono wanga ali patsogolo ndi chigubu pamutu, osalankhulana.

Galaja yathu inali pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ya apongozi. Tinayala mphasa yakale kuti tizitsulo tisatayike mumchenga. Felikisi ankakhala pa mpando, ine mkulu wake nditagwada pansi ngati mwana wa sukulu. Lamulo lake linali limodzi. Anati, "Mukabwera mukununkha, tsiku limenelo sinditsegula pakamwa." Ndiye tsiku lililonse la mowa linali tsiku lobera Agata.

Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti sipanala inkagogoda yokha pa chitsulo. Thukuta, mutu, kusanza. Ndinagwa kamodzi, sindibisa. Pisitoni, kachitsulo kokwera ndi kutsika mkati mwa injini, inali itagwirana ndi injiniyo chifukwa cha dzimbiri, ndipo Felikisi anati tithire parafini pa bowo la pulagi tidikire. Kudikira ndiko kunandigwetsa. Munthu wosiya mowa manja akakhala opanda chochita, miyendo imadziwa njira yokha. M'mawa mwake ndinabwera ndikununkha. Felikisi anandinunkhiza, ananyamula mpando wake n'kupita ku makala. Ndinakhala tsiku lonse ndi njinga imene sindinkadziwa poigwira, ndipo Agata ankandiona ali pamphasa yake. Kuyambira pamenepo nthawi yodikira ndinkaithera kupala dzimbiri pa masipoko ndi mchenga, limodzi limodzi, mpaka zala kutuluka magazi.

Pisitoni tinaimasula ndi chipika cha mtengo wa mupani. Ndinkaika chipikacho pamwamba pake n'kumagogoda pang'onopang'ono. Ine ndi mkwiyo wanga ndinkafuna kumenya kamodzi zithe, koma Felikisi anati, "Mukaswa, ina mukaitenga kuti? Gogodani ngati mukuodira kwa apongozi." Itasuntha koyamba, kusuntha kochepa ngati chikhadabo, ndinakuwa ngati ndakola nsomba yaikulu. Thanki ndinathiramo timiyala ta mumtsinje wouma ndi parafini n'kumaikhutchumula mpaka mapewa kuwawa, dzimbiri likutuluka ngati phala la mawere. Tcheni ndinaiwiritsa m'chitini cha oilo wakale amene mwini chigayo anatipatsa. Timabowo ta kabureta, kachitsulo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndinatitsegula ndi kawaya kamodzi kosolola ku buleki ya njinga yopalasa. Gasiketi, yotchinga kuti injini isadonthe, ndinadula pa katoni ya sopo. Machubu anali ndi zigamba zambiri kuposa buluku langa.

Chimene chinatsala ndi moto. Koilo, imene imapereka moto ku pulagi, inali itamwa madzi. Tinaiika padzuwa koma osathandiza. Felikisi anati imafuna kutentha kofatsa kwa nthawi yaitali, ndipo ku Lusaka anali ndi uvuni wake. Ine ndinamanga kathandala monga timawambira nsomba, makala ochepa pansi, phulusa pamwamba kuti pasakhale lawi, n'kumaitembenuza monga ndimatembenuzira nsomba ya nchenga kuti isapse mbali imodzi. Titaibwezera, Felikisi anandiuza kuti ndigwire waya wa pulagi iye aponde. Abale, ndinaponyedwa uko, mkono wonse dzanzi! Felikisi anaseka mpaka kugwa pa mpando. Anali atadziwa dala. Ndinatukwana, kenako nanenso ndinaseka. Aka kanali koyamba kuseka limodzi chibwerere iye kuchokera ku Lusaka.

Koma musaganize kuti ndinasanduka mngelo. Anthu odutsa ankaima n'kumati, "Koma Felikisi ndi katswiri, akudzutsa chakufa!" Manja akuda ndi anga, zala zong'ambika ndi zanga, iye wakhala pa mpando akutafuna masau, koma dzina ndi lake. Chinthu chija cha nsanje chinkadzukanso. Chimene ndinaphunzira pansi pa mtengo uja, ndipo inu amene muli ndi matenda angawa mumve, ndi kuchitchula dzina chisanakule. Ndinkanena mokweza kuti, "Felikisi, nsanje yandigwira." Iye n'kuyankha kuti, "Igwireni nayo sipanala, mumange nati iyo." Nsanje imanenepa mumdima. Ukaitulutsa pabwalo anthu n'kuiseka, imachepa. Sikufa ayi, koma imachepa.

Tsiku loiliza tinaponda mpaka miyendo kutopa, osalira. Ndinaikankhira pa chitunda, Felikisi atakwera, n'kuthamanga nayo kutsetsereka. Inatsokomola, inatulutsa utsi wakuda, inakhala chete. Tinabwereza. Ulendo wina inatsokomola n'kugwira, thu thu thu thu! Mbuzi zinabalalika. Amayi amene anali kuchitsime anataya ndowa n'kuthawira m'tchire poganiza kuti ndege zabweranso. Ine ndinakhala pansi pa fumbi n'kulira ngati mwana. Pambuyo pake tinakonza mabuleki, chifukwa Felikisi anati njinga yothamanga yosaima ndi bokosi la maliro, ndipo anaiyesa m'tinjira ta kumunda atanyamula thumba la chimanga kumbuyo.

Sipanapite masiku ambiri, azamba a m'mudzimo anaona Agata m'mawa n'kunena kuti mimba yatsika, dzuwa lina lisatuluke ali pano. Apa ndi pamene panali mayeso anga enieni. Njinga ndinaikonza ndine, nati iliyonse ndinkaidziwa, koma kuyendetsa sindinkadziwa. Woyendetsa anali mmodzi yekha.

Tinamukweza Agata chammbali, titayala bulangete pa mpando. Mimba inali yaikulu moti sakanatha kugwira bwino, ndipo azamba anati akachita chizungulire m'njira agwa. Anati ayenera kumangidwa kwa woyendetsa ngati mwana kumsana. Apongozi anga, amene mwa mwambo sitiyang'anana m'maso, anabwera ndi chitenje chawo chatsopano. Sanapatse Rozina, sanapatse azamba. Anachiika pansi patsogolo panga n'kubwerera m'mbuyo. Mudzi wonse unali pamenepo, anthu omwe aja anandimva ndikufuula za mimba.

Ndinatola chitenje. Ndinachizunguliza kumsana kwa mkazi wanga, m'khwapa mwake, n'kuchibweretsa pachifuwa pa mng'ono wanga. Mutu wa Agata unatsamira pa phewa la Felikisi. Nsanje inali pomwepo, ikundiuza kuti ndimange molekerera pakhale kampata pakati pawo. Ndinakoka mpaka kampata konse kanatha, n'kumanga mfundo ya asodzi imene simasuka.

Ndinati, "Felikisi, pa mchenga utsike giya."

Anati, "Ndamva, akulu."

Ananyamuka. Ine ndinatsatira wapansi, ndikuyang'ana mzere wa matayala m'njira. Paliponse pamene mzerewo unakhota mwadzidzidzi ndinkaima n'kumayang'ana m'mbali ngati pali pogwera munthu. Pena ndinapeza pamene anaima, mapazi a Felikisi atazungulira pamalopo, ndi tsamba limene anapukutira pulagi. Ndinadutsa midzi iwiri imene ankatcheza kachasu, fungo likundiitana ndi dzina. Ndinatseka mphuno n'kudutsa. Mdima unandipeza m'njira, ndinagona kwa anthu, ndipo ndinafika kuchipatala m'mawa mwake mapazi atatupa.

Njinga inali itatsamira khoma. Ndinasuzumira pa windo la chipinda cha amayi. Agata anali gone pa bedi, wotuwa, koma maso ali otsegula. Pambali pake panali Felikisi atanyamula kamwana m'nsalu yoyera, akukagwedeza, ndipo Agata ankamwetulira. Abale anga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinangoyamika Mulungu. Ndinayamika, inde. Koma pomwepo chinthu chija chinadzukanso, kuti mwana wanga woyamba kumunyamula ndi iye. Ndikukuuzani kuti mudziwe, kuti tsiku limene chidzakubwererani musadzati kupemphera kwalephera n'kuthamangira ku botolo. Chimabwera, koma si lamulo kuti uchimvere. Ine kuyambira pa njinga ija kachasu sindinamulawenso, ndipo mng'ono wanga timadyera mbale imodzi mpaka lero.

Ndinapita pakhomo. Panali sisitere wina wachikulire, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, fumbi, malaya ong'ambika, manja akuda ndi oilo amene sopo anakanika. Anatambasula dzanja kutseka khomo.

"Muno salowa aliyense. Bambo wa mwana ali kale mkati, ndi amene anabwera naye dzulo. Akanachedwa pang'ono tikanataya onse awiri. Inu ndinu ndani?"

Dominiko wakale akanagwetsa chipatala ndi pakamwa. Ndinatsegula kukamwa, mawu onse aja anali okonzeka. Ndiye ndinakumbukira zimene ndinafuula pabwalo la apongozi, kuti mimba akafunse wa mthuthuthu. Sisitereyu ankangobwereza zimene ndinanena ndekha. Ndinalibe mphamvu yodzitchula bambo wa mwana ameneyo. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ine ndine amene ndinakonza njinga."

Sisitere anati, "Ndiye mudikire panja, amakaniko."

Ndinatembenuka kuti ndikakhale pa khonde. Pamenepo ndinamva mawu ochokera mkati, ofooka, a munthu amene wangosokedwa pamimba, koma anamveka chipinda chonse.

"Asisitere, aloleni alowe. Amenewo ndiwo amuna anga."